Gogodela ya Mkamwini

Mtembo wa Elias Kanjedza unagona chagada pakati pa dimba la chimanga, kumunsi kwa Golomoti. Inali 9 koloko m'mawa, Lachiwiri, mu Ogasiti 1997, ndipo ntchentche zinali zitayamba kale ntchito apolisi asanafike. Mbali ya kumanja ya nkhope kunalibe. Dzanja lamanzere linatsala ndi zala ziwiri.

Insipekitala Saulosi Kamtedza anavundukula chitenje chimene anthu anaufunditsa, nayang'ana, nabwezeretsa. Pa ntchito yake yofufuza milandu anali ataona mitembo yambiri kuposa maukwati, ndipo chifundo chinamuthera kalekale. Chimene chinamukoka maso chinali pambali pa mtembowo: mfuti yopanga pamanja, ija anthu amati gogodela, mpope wake utang'ambika pakati n'kufutukuka ngati khoko la nthochi.

"Mwini mfutiyi ndani?"

Anthu anayang'anana. Kenaka pagulupo panatuluka bambo wamfupi, wa mapewa akugwa, atagwira chipewa ndi manja awiri.

"Ndine, bwana. Petulo Nyadani. Malemuwa ndi alamu anga, ndinakwatira mlongo wawo."

"Ndinu mkamwini pamudzi pano?"

"Eya, bwana. Kwathu n'kumtunda, ku Linthipe."

"Fotokozani."

"Anyani atisautsa chaka chino. Amatsika m'phiri dzuwa likangotuluka, n'kukolola ngati analima ndi iwo. Ndiye tinalawirira kuti tidzawaopseze. Alamu anati ayambe ndi iwo kuwomba. Ine ndinapatuka kuseri kwa chulu icho kukataya madzi. Ndinangomva phuu! Pobwera n'kuti atagwa."

Saulosi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala. Analibe ndi kabala komwe. Anapita yekha kuseri kwa chulu kuja. Nthaka inali youma gwa. Panalibe pamene munthu anatayapo madzi, koma panali maenje awiri a maondo ndi zizindikiro za zigongono, monga amachitira munthu wobisa mutu. Anapitiriza kufufuza, pakuti galu wamkota sakandira pachabe komanso sauwa asanafukule.

Chidutswa cha kutsogolo kwa mpope anachipeza m'bango. Kukamwa kwake kunali kotsekeka ndi dothi lofiira, louma. Mkulu wina wa pamudzipo anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Mavu awo, bwana. Aja oumba timiphika ta dothi. Akapeza mpope wa mfuti amati apeza nyumba. Ukawomba osayang'ana, moto umasowa kotulukira, umabwerera kwa mwini wake."

"Ndi momwemodi," Petulo anavomera msangamsanga. "Inakhala mwezi wathunthu ili pakhoma, yothira kale onga ndi zipolopolo."

Khamu lonse linang'ung'udza kuti tsoka silinunkha. Saulosi anakulunga chidutswacho m'mpango n'kuchiika m'thumba la jekete.

Akutembenuka kuti azipita, mayi wina anagwa pamapazi pake n'kugwira mwendo wa thalauza. Anali Fagness, mkazi wa Petulo, mlongo wa malemuyo. Mawu anali atamuthera ndi kulira.

"Bwana, achimwene apita. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Thandizo, tinamuika chaka chatha. Ndatsala ndi amuna angawa basi. Chonde musanditengere."

"Kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, mayi," anatero Saulosi akuchotsa mwendo wake. "Koma ngati ili ngozi, ndi mlandu waung'ono. Adzalipira chindapusa, azibwera kwanu. Ayambe aika alamu awo."

Mayiyo anawomba m'manja kuthokoza. Saulosi sanamuyang'anenso.

Abale a Elias anali atapeza kale wolakwa wawo. Ankati mfutiyo anawotcherera ndi Bizwick Chimpeni wa pamsika wa Golomoti, munthu amene anamenyana ndi Elias pamowa mwezi wa Juni n'kulumbira pamaso pa anthu kuti tsiku lina adzamuona. Pofika masana anyamata a m'banjamo anali atagwetsa kale chisakasa chake n'kuphwanya makina. Saulosi anamupeza atabisala m'chimbudzi cha pamsika, namutengera kupolisi. Kumeneku kunali kumupulumutsa, koma sanamuuze choncho. Anamusiya m'chitokosi mpaka m'mawa mwake kuti mantha ayambe amuphika.

Kale, chipani chikadali chimodzi, Saulosi ankafunsa anthu mafunso ndi lamba. Matipate atabwera anamutumiza ku maphunziro a ufulu wachibadwidwe, ndipo anabwerako atazindikira kuti lilime limapweteka kuposa lamba, komanso silisiya zipsera zoti loya aonetse kukhoti.

Lachitatu, 8 koloko, Bizwick anakhala pabenchi m'kachipinda kofunsira mafunso, chimunthu chachikulu chamantha ngati mwana.

"Unati udzamuona Elias. Wamuona tsopano. Ukufuna ndikuonetse zithunzi?"

"Zinali za mowa, bwana!"

"Za mowa zimenezo zikakupachikitsa. Akazi ako adzakwatiwa ndi wina, ana ako azidzamutchula bambo. Unawotcherera dala mofooka."

"Ayi! Yang'anani pamene yang'ambikira. Ngati pali powotcherera panga, ndipacheni lero lomwe."

Saulosi anali atayang'ana kale. Powotcherera ponse panali bwinobwino. Koma anangosewera ndi machesi.

"Ndiponso tinaiyesa," anapitiriza Bizwick. "Gogodela yatsopano suyamba n'kuiika paphewa, aliyense amadziwa. Umaimangirira kumtengo, n'kumanga chingwe pokhethemulira, iwe n'kukagwada kuseri kwa chulu, n'kukoka. Tinatero katatu ndi a Petulo, kuthengo la ku Mtakataka. Inalira bwino katatu konse."

"Kuseri kwa chulu, wati?"

"Ndiye pothawira pake, bwana. Chitsulo chikaphulika sichiboola chulu."

"Petulo anayamba liti kuipanga?"

"Maliro a mwana wawo atangotha. Chaka chonse akutolera tizidutswa. Mpope anakaupeza ku Salima, kasipuling'i ku Balaka, mtengo wa mlombwa anakasemetsa ku Mua. Mbuzi zonse zinathera pamenepo, wailesi, ngakhale makina osokera a akazi awo. Ine ndinawauza kuti, akulu, mukutayiranji chuma? Kumalire uku nkhondo ya Mozambiki inasiya mfuti zenizeni mbwee, anthu akusinthanitsa ndi thumba la chimanga. Zimene mwawononga pa chiphakasa ichi mukanagula ziwiri. Anangoseka. Anati yogula saifuna, akufuna yodziwa dzanja lawo."

"Nanga n'chifukwa chiyani anawomba ndi Elias, mwini wake ali pomwepo?"

Bizwick anapukuta thukuta, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati afuna kuseka.

"Inu simuwadziwa a Elias. Pakhomo paja chinthu chatsopano ankayamba ndi iwo. Paja ndiwo anali mwini mbumba. A Petulo akagula nsapato, oyamba kupita nazo kutchalitchi a Elias. Akapha nkhuku, chiwindi ndi nthutumba kwa a Elias. Ankawauza pagulu kuti mkamwini ndi tambala wobwereka, ntchito yake ikatha amabwezedwa. Munthu wotero akanalola mkamwini awombe mfuti iye akuonerera?"

Saulosi anamubwezera m'chitokosi osamuuza kuti watsala pang'ono kutuluka.

Kuchipatala cha Mua adokotala anamuonetsa mbale ya zimene anachotsa m'mutu mwa Elias: tizidutswa ta mpope tokhatokha, popanda chipolopolo cha mfuti ina. Pamenepo nkhani ya ngozi inali itaima ndi miyendo iwiri. Saulosi anatuluka, nakhala pakhonde la chipatala, natulutsa chidutswa chija m'mpango.

Ali mwana ankaswa timiphika ta mavu pakhoma la kwa amayi ake. Ankadziwa zimene zimakhala m'kati: tizipinda, mphutsi, ndi akangaude ouma amene mavu amasungira ana awo. Anatola msomali n'kuyamba kukanda. Dothi lofiira linayoyoka mosavuta, lopyapyala ngati chikhadabo. Munalibe kangaude ngakhale mmodzi. Pansi pake msomali unagunda chinthu chotuwa, cholimba, n'kupindika.

Mavu a ku Golomoti angakhale anzeru bwanji, sanayambe kumanga ndi simenti.

Elias anaikidwa Lachinayi. Lachisanu m'mawa Saulosi anafika pakhomo pa Petulo nthawi imene amuna anali kumanda kukakonza mtumbira. Anapeza Fagness akusesa phulusa la pamaliro, mutu wometa. Anamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Saulosi anafewetsa mawu ngati wansembe.

"Mayi, ndabwera kudzakuthandizani. Akuluakulu anga akuti amuna anu ndi munthu wosasamala, ankangotaya mfuti paliponse, mpaka yapha munthu. Kusasamala kotere n'zaka zambiri kundende. Koma mukandiuza kuti ankaisamala, ndikalemba zomwezo."

Maso a Fagness anawala. Anasendera pafupi.

"Kusasamala? Bwana, mfuti ija ankaisamala kuposa ine! Ankaipukuta tsiku lililonse. Ine kungoikhudza posesa, ankandikalipira."

"Panalibe wina woigwira? Bizwick? Achimwene anu?"

"Palibe. Inkakhala kuchipinda kwathu, pamwamba pa bedi. Achimwene anaipempha kangapo, iwo ankati dikirani alamu, sinapse. Anawapatsa tsiku lomwelo."

"Nanga kukamwa kwake ankasiya pululu?"

"Ayi, ndi pang'ono pomwe! Ankatsekako ndi chitsononkho, n'kukulunga kansanza pamwamba. Amati n'chimene alenje amachita kuopa mavu. Chitsononkho chimenecho sichinachokepo, ine ndinkagona ndikuchiyang'ana. M'mawa uja anachizula okha pakhomo apa, n'kupereka mfuti m'manja mwa achimwene. Icho chili apocho."

Analoza patsinde pa nkhokwe. Saulosi anadzuka, natola chitsononkhocho. Chinali chosemedwa bwino mbali imodzi, ndipo kunsonga kwake kunali kotuwa.

"Mukumanga nyumba, mayi? Ndaona pepala la simenti kuseri uku."

"Ndi yotsala pa chiliza cha Thandizo. Tinamanga mwezi watha. Anatsalako pang'ono, bambo ake anati asunge."

"Zikomo, mayi. Mwandithandiza kwambiri."

"Ndiye muwasiya?"

Saulosi anaika chitsononkho m'thumba. Akanatha kungochoka. Koma anali munthu wokonda kuona pamene mawu ake agwera, ndipo khalidwe limeneli ngakhale iye mwini ankadziwa kuti ndi loipa.

"Mavu salowa pa chitsononkho, mayi. Ndipo sanyamula simenti. Mwandipatsa amuna anu ndi pakamwa panu."

Anamusiya atakhala pamphasapo, tsache lili m'manja.

Saulosi anamugwira Petulo akuchokera kumanda, khasu lili paphewa. Sanalimbane. Pofika 2 koloko masana anali pabenchi lija anakhalapo Bizwick, unyolo uli m'manja. Fagness anawatsatira wapansi, ndipo Saulosi analamula kuti amulowetse akhale pakona. Ankadziwa kuti mwamuna amene angapirire mafunso tsiku lonse amasweka msanga mkazi wake akumuyang'ana.

Anayala patebulo chidutswa cha mpope, chitsononkho ndi msomali wopindika.

"Unakataya madzi kuseri kwa chulu, iwe?"

"Eya, bwana."

"Umataya madzi chogwada, zigongono pansi? Ndipo nthaka n'kukhala youma?"

Petulo anayang'ana pansi.

"Unathira onga, unathira zipolopolo, kenaka unatseka ndi simenti ya pamanda a mwana wako. Pamwamba unamata dothi kuti tinamizire mavu. Unadikira mwezi kuti iume bwino, mlamu wako akupempha, iwe ukuti sinapse. Ndanama?"

Kunja kunadutsa minibasi ikuitanira a ku Salima. Petulo anadzutsa mutu, ndipo mapewa akugwa aja anawongoka. Nkhope yake inali ya munthu amene watula katundu.

"Simunaname, bwana. Koma lembani kuti sindinamuloze mfuti. Sindinakhethemule. Ndinangopanga chinthu changa, iye n'kulanda monga ankachitira ndi zonse. Akanati tsiku limodzi lokha, alamu, yambani ndinu mwini wake, bwenzi lero ali moyo."

"Bwenzi utawomba iwe?"

"Bwenzi nditati yafa, tibwerere. Koma ndinkadziwa kuti sanganene."

"Bizwick akuti ukanagula mfuti ziwiri zenizeni ndi chuma chimene unataya."

"Yogula siphulika, bwana. Ndipo ndikanamuwombera ndekha, bwenzi anthu akuti mkamwini wapha mwini mudzi. Ndinkafuna afe ndi dzanja lake lomwe lija lolanda."

"Nsapato ndi chiwindi cha nkhuku? Waphera munthu zimenezo?"

"Zimenezo ndinapirira zaka khumi, ndipo ndikanapirira mpaka kufa. Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Chaka chatha, mwezi wa Febuluwale, Thandizo anadwala malungo. Ndinachoka kudimba masana, ndinapeza mwana akukomoka, maso atatembenuka. Ndinathamangira njinga yanga kuti ndipite naye ku Mua. Njinga palibe. Akuti atenga alamu. Njinga yanga, yogula ndi thukuta langa! Ndinabereka mwana kumsana, mvula ikugwa, matope m'maondo. Ndinkamuyankhula njira yonse. Tikuyandikira pamsewu anasiya kuyankha. Ndinamva kumsana kwanga kukuzizira, koma ndinapitirizabe kuyenda. Achipatala anati ndikanafika msanga pang'ono, bwenzi atamupulumutsa."

Anapitiriza.

"Alamu anabwera madzulo, njinga ili matope okhaokha. Ndinawafunsa kumene anali. Anandiyankha kuti, kumowa, nanga utani? Pamaso pa anthu, mwana wanga ali pamphasa. Tsiku limenelo ndinalumbira. Mbuzi, wailesi, makina, ngakhale mukandipachike, sindidandaula. Mfutiyo inakwera mtengo, koma yagwira ntchito yake."

Saulosi anali akulemba, mtima uli m'malo. Mlandu unali watha bwino, ndipo Bizwick anali woti atuluke madzulo omwewo kukaona zotsala za chisakasa chake. Anatembenuza pepala kuti Petulo asaine.

"Sanali kumowa."

Mawuwo anachokera pakona. Fagness sanali kulira. Anakhala chowongoka, manja ali pamiyendo, maso ali pa mwamuna wake.

"Mayi, khalani chete," anatero Saulosi, koma mosalimbika, chifukwa nayenso anafuna kumva.

"Achimwene sanali kumowa, bambo a Thandizo. Njinga ija ndinawapatsa ndine. Mwana atayamba kukomoka ndinati amulodza. Ndinawagwadira kuti akanditengere sing'anga wa kuseri kwa Mtakataka. Iwo anakana, anati tiyeni naye kuchipatala pa njinga yomweyi. Ine ndinakakamira, ndinalira, mpaka anapita. Mtsinje unadzaza, anakanika kuwoloka pobwera."

"Ukunama," anatero Petulo. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Inu munalumbira kuti sing'anga akadzaponda pakhomo pathu mudzanyamula zanu n'kubwerera ku Linthipe. Pobwera achimwene ndinawachingamira kunjira. Ndinawauza kuti mwana wapita, ndipo amuna anga akamva zoona andisiya. Anandiyang'ana, anati, usaope mlongo wanga, amadana nane kale, ndisenza ndine. N'chifukwa chake anakuyankhani motero."

Petulo anayang'ana chidutswa cha mpope patebulo paja ngati akuchiona koyamba.

"Chaka chonse," ananong'ona. "Chaka chonse ndikutolera zitsulo, iwe ukundiyang'ana."

"Munati ndi ya anyani."

Saulosi anali atamva kulira kwa mitundu yonse m'chipinda chimenechi, koma phokoso limene linatuluka pakhosi pa Petulo silinali kulira. Munthuyo anatsetsereka pabenchi n'kugwada, nayamba kumenyetsa chipumi pa simenti ya pansi, kamodzi, kawiri, mpaka apolisi awiri analowa kudzamugwira. Saulosi anadikira kuti amukhazikenso pabenchi, namupatira cholembera pakati pa zala.

"Zimene wanena mkazi wakozi sizisintha mlandu," anatero. "Wapha munthu mwadala. Saina apa."

Petulo anasaina, magazi a pachipumi akudonthera papepala. Akumutulutsa, Fagness anaimirira n'kutambasula dzanja kuti amukhudze. Iye anapatuka ngati waona njoka.

"Bwana," anatero Petulo ali pakhomo, osacheuka, "mayi awa akadzabwera kundende ndi chakudya, mudzawauze kuti ndinafa."

Anapita naye. Fagness anatsala chiimire pakati pa chipinda, dzanja lija likadali m'mwamba. Patapita nthawi anatembenukira kwa Saulosi.

"Nanga ine, bwana? Mundimanga liti?"

Saulosi anasonkhanitsa mapepala ake, nawagogoda patebulo kuti alingane.

"Inu mulibe mlandu, mayi. Palibe lamulo limene mwaphwanya. Pitani kwanu."

"Kwathu kuli ndani?"

Saulosi anamutsegulira chitseko n'kuitana wapolisi kuti amutulutse, chifukwa panja panali anthu ena odikira.